Mmene mungayesere wofuna voti yanu nkhope yake isanakusankhireni

Nyengo ya kampeni ikafika m'chigawo cha Tete, nkhope za ofuna maudindo zimafika kumudzi mfundo zawo zisanamveke. Zimamatidwa pa zipupa za magolosale a ku Ulongué, pa mitengo ya m'mbali mwa msewu wopita ku Furancungo, kumbuyo kwa njinga zamoto zonyamula anthu ku Zóbuè, ndipo zimasindikizidwa pa zitenje zimene amayi amaberekera ana. Pofika tsiku lovota munthu amakhala ataiona nkhope imodzimodziyo kambirimbiri, mpaka amayamba kumva ngati mwini wakeyo ndi mnansi, chonsecho sanalankhulanepo naye ndi liwu limodzi lomwe. Malangizo ali m'munsiwa ndi othandiza wovota kulekanitsa zimene waonetsedwa ndi zimene akudziwadi, kuti akalowa m'kachipinda kovotera achonge ndi nzeru zake.

Poyambira pake ndi kuvomereza kuti maso amagamula msanga kuposa mutu, ndipo zimenezi zimachitikira ophunzira ndi osaphunzira omwe. M'chaka cha 2005, Alexander Todorov wa ku yunivesite ya Princeton ku America pamodzi ndi anzake anaonetsa anthu zithunzi za opikisana pa zisankho amene anthuwo sankawadziwa, kwa sekondi imodzi yokha, n'kuwafunsa kuti wooneka wodziwa ntchito ndi uti. Pa mipikisano ya maseneta, amene ndi aphungu a nyumba yapamwamba ya malamulo ku America, wolozedwayo ndi yemwe anapambanadi pa mipikisano pafupifupi 7 mwa 10 iliyonse. M'chaka cha 2009, John Antonakis ndi Olaf Dalgas a ku yunivesite ya Lausanne ku Switzerland anayesa zomwezo pa ana. Anawaonetsa nkhope ziwiriziwiri za anthu amene anapikisana pa chisankho cha aphungu ku France, n'kuwafunsa kuti angakonde ndani akhale woyendetsa bwato lawo pa masewera, ndipo anawo analoza opambana pamlingo wofanana ndi wa akuluakulu. Nkhani imeneyi iyenera kutidetsa nkhawa, chifukwa ngati mwana wosadziwa kanthu za ndale akugwirizana ndi ovota a dziko lina, ndiye kuti ovota ambiri anasankha monga mmene mwanayo anasankhira. Kafukufuku wina wa Gabriel Lenz ndi Chappell Lawson wa m'chaka cha 2011 anapeza kuti maonekedwe amakoka kwambiri anthu amene amaona nkhope za andale pafupipafupi pa wailesi ya kanema koma akudziwa zochepa za ntchito zawo. Choncho mtima ukayamba kukokera kwa wina wake, dzifunseni kuti mukudziwa chiyani za iyeyo chimene simunachione pa chithunzi kapena kuchimva pa chimkuzamawu chake. Yankho likasowa, ntchito yanu yofufuza ndiye yangoyamba.

Dziwani mmene chithunzi chimakonzedwera

Palibe chimene chimangochitika chokha pa kampeni. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kusankha malaya amene woimira chipani avale, malo amene aime, mwana amene amunyamule ndi mawu a moni amene alankhule m'Chinyanja akafika ku Angónia, m'Chinyungwe akafika ku Changara, m'Chisena akafika ku Mutarara. Kupatsidwa moni m'chilankhulo chanu kumakoma, ndipo ndi ulemu umene tiyenera kuuyamikira, koma moni munthu amauloweza m'galimoto ali m'njira. Chimene sangaloweze m'galimoto ndi kudziwa moyo wa kumaloko.

Mudzaona chithunzi cha wopikisana ali m'munda wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, khasu lili m'manja, alimi atamuzungulira akuseka. Yang'anani nsapato zake ngati zalowa dothi, yang'anani pamene wagwira mpini, ndipo ngati ndi kanema, onani ngati mzere umene wayambawo akuufikitsa kumapeto kapena akupereka khasu kwa mwini wake wojambula akangotsitsa foni. Sindikunena kuti aliyense wojambulitsa ndi khasu ndi wonama, pakuti alipo ena amene anakuliradi kumunda ndipo kulima amakudziwa. Komabe udindo umene akufunawo si wolima. Chofunika ndi chakuti adziwe mtengo wa thumba la feteleza chaka chimenecho, adziwe amene amagula mbatatayo ndi kumene amakaigulitsa, adziwe chifukwa chake mlimi wa m'malire nthawi zina amalandira makwacha a ku Malawi m'malo mwa metikali ndi mmene amaluzira posinthitsa, adziwenso madandaulo a alimi a fodya a ku Macanga ndi Chifunde pa nkhani ya magiredi ndi ngongole ya zipangizo. Mukapeza mpata wofunsa funso pa msonkhano kapena poimba foni ku wailesi ya m'dera lanu, funsani za zinthu ngati zimenezi, ndipo tcherani khutu kuti mumve ngati akuyankha funsolo kapena akubwereza mawu amene ananena kale pa nsanja.

Khamu la anthu nalo limakonzedwa. Bwalo likadzaza, aliyense amaganiza kuti munthuyu wapambana kale, ndipo ambiri safuna kuti voti yawo igwere kwa woluza. Koma musanakhulupirire khamulo, pitani kumbuyo kwa bwalo mukawerenge malole ndi maminibasi amene aimikidwa kumeneko, ndipo onani kuti ndi anthu angati amene akutsala oimba akamaliza kuimba, wolankhula wamkulu akayamba mawu ake. Achinyamata ambiri amapita kukavina, amayi ambiri amapita atamva kuti kugawidwa zitenje, ndipo palibe cholakwika pa zimenezo, kungoti si umboni wakuti munthuyo angayendetse bwino chigawo. Chimodzimodzinso kufika pa maliro ndi chipepeso chachikulu kapena kukhala pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi. Funsani akumpingo ngati ankamuona zaka zapitazo, ndipo kumbukirani kuti malamulo a chisankho a dziko lathu amaletsa kuchitira kampeni m'malo opembedzera, m'masukulu pa nthawi ya maphunziro ndi m'maofesi a boma, komanso amaletsa kugwiritsa ntchito magalimoto ndi katundu wa boma pa kampeni. Munthu amene akuphwanya lamulo pofuna udindo wakuonetsani kale mmene adzalionere lamulo akaupeza.

Chisankho cha pa 9 October 2024 chinaonetsa bwino kuti aliyense amabwera ndi chithunzi chake. Daniel Chapo wa Frelimo, amene anabadwa m'chaka cha 1977 ndipo anali bwanamkubwa wa chigawo cha Inhambane, anaonetsedwa ngati munthu wa m'badwo watsopano wobadwa dziko litalandira kale ufulu. Venâncio Mondlane, amene anathandizidwa ndi Podemos, anafika kwa achinyamata ambiri kudzera pa Facebook, akulankhula nawo mwachindunji pa foni ndi mawu a mlaliki. Ossufo Momade wa Renamo anadalira dzina la chipani chimene Afonso Dhlakama anachitsogolera kufikira imfa yake m'chaka cha 2018, pamene Lutero Simango wa MDM anadalira mbiri ya chipani chake poyendetsa mzinda wa Beira. M'chithunzi chilichonse mwa izi munali zoona zake, komanso chilichonse chinasankhidwa mwadala kuti chionetse mbali imodzi n'kusiya zina. Wovota wosamala amayesa onse ndi muyeso umodzi, osati kufufuza amene sakumufuna yekha.

Yang'anani amene ali kumbuyo kwa nkhopeyo

Pano pali nkhani imene ambiri a ife okhala m'malire timasokonezeka nayo, chifukwa timamva mawailesi a ku Malawi ndipo tili ndi abale ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza. Kumeneko phungu amasankhidwa ndi dera lake, dzina lake ndi nkhope yake zili pa pepala lovotera. Kuno ku Mozambique sizili choncho. Pepala la mtsogoleri wa dziko ndi limene lili ndi nkhope za anthu. Pa pepala la Assembleia da República, nyumba ya malamulo ya dziko lino imene ili ndi mipando 250, mumachonga chizindikiro cha chipani: ng'oma ndi chimanga, nkhwali, tambala kapena china. Chipani chimakhala chitapereka kale mndandanda wa maina a chigawo chonse cha Tete, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti, kuyambira dzina la pamwamba kutsika m'munsi. Izi zikutanthauza kuti munthu wa kwanu amene akuyenda khomo ndi khomo, wokoma m'kamwa, amene munaphunzira naye sukulu, akhoza kukhala ali kumunsi kwenikweni kwa mndandandawo, moti voti imene mwaponya chifukwa cha iye ikalowetsa munthu wina amene sanapondepo ku Domué.

Kuyambira pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa m'chaka cha 2018, bwanamkubwa wa chigawo amapezeka mwa njira yofananayo. Mumavotera mndandanda wa Assembleia Provincial, nyumba ya oimira anthu a m'chigawo, ndipo amene ali pamwamba pa mndandanda wopambana, yemwe m'Chipwitikizi amamutcha cabeça de lista, ndiye amakhala bwanamkubwa. M'matauni amene ali ndi khonsolo zawo, monga Tete, Moatize, Ulongué, Nhamayabué ndi Chitima, meya amapezekanso chimodzimodzi. Zipani zimadziwa bwino kuti nkhope imodzi yokondedwa imakoka mndandanda wonse, n'chifukwa chake pa zipupa mumaona munthu mmodzi yekha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo njira yokhayo yodziwira ngati mwambiwu ukukhudza mndandanda umene mukufuna kuuvotera ndi kuutsegula. Pemphani kuona maina onse kwa oimira chipani a m'dera lanu kapena ku ofesi ya bungwe loyendetsa chisankho ya m'boma lanu, chifukwa maina ovomerezedwa ndi CNE, bungwe lalikulu loyendetsa zisankho m'dziko muno, si achinsinsi. Werengani maina khumi oyambirira, muone kuti ndi angati amene mukuwadziwa, akuchokera maboma ati, ndi amayi angati, ndiponso ngati mulibe munthu amene anthu akumudandaula kale pa nkhani ya ndalama kapena malo. Munthu wa kwanu uja mumufunse poyera kuti ali pa nambala yanji.

Kenaka yerekezani lonjezo ndi mphamvu za udindo umene munthuyo akufuna. Phungu ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuvomereza ndondomeko ya ndalama za boma ndi kufunsa nduna mafunso, ndipo alibe thumba lakelake lomangira mlatho. Meya amayang'anira misika, zinyalala, misewu ya m'tauni ndi malo omangapo nyumba. Bwanamkubwa wa chigawo ali ndi gawo pa ulimi, sukulu za pulaimale, zipatala zing'onozing'ono, madzi ndi misewu ya m'chigawo, koma apolisi, migodi ndi magetsi zili m'manja mwa boma la ku Maputo, limene lilinso ndi woliimira m'chigawo muno, Secretário de Estado, wosankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Mkulu woyang'anira boma, administrador, sitimuvotera. Tsono wofuna umeya akaima pa nsanja n'kulonjeza kuti atsitsa mtengo wa magetsi a ku Cahora Bassa, kapena kuti aliyense apeza ntchito ku migodi ya malasha, mudziwe kuti mwina sakuudziwa udindo umene akuupemphawo, apo ayi akuganiza kuti inu simukuudziwa. Zonse ziwirizi ndi zifukwa zokwanira zomukayikira.

Funsani amene anakhala naye kopanda ojambula

Umboni wolemera kuposa wina uliwonse uli ndi anthu amene anagwirapo naye ntchito. Pafupifupi aliyense wofuna udindo anakhalapo mphunzitsi, namwino, wamalonda, mkulu wa mpingo, mlembi wa chipani kapena wogwira ntchito m'boma, ndipo kumeneko anasiya mbiri imene sangaikonze ndi utoto. Ngati anali mphunzitsi wamkulu, makolo amadziwa mmene ankasungira ndalama za sukulu. Ngati ndi wamalonda, aganyu ake amadziwa ngati amalipira pa nthawi yake, ndipo alimi amadziwa ngati sikelo yake ndi yolungama. Ngati anali kale pa udindo, ntchito ndi yosavuta: tengani zinthu zitatu zimene analonjeza pa chisankho chapitacho, mupite mukazione ndi maso, mjigo ngati ukutuluka madzi, mlatho ngati umawolokeka mwezi wa February, msika ngati uli ndi chimbudzi. Funsani anthu angapo osiyana zipani, ndipo wokamba nkhani mumufunse ngati anaona yekha kapena anangomva.

Funso lina lofunika ndi lakuti anali kuti pamene anthu anali pa mavuto amene sapatsa munthu ulemerero. Mabanja amene anasamutsidwa ku Moatize kupita ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010 kuti mgodi wa malasha utsegulidwe, amene mu January 2012 anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa, amadziwa bwino kuti ndani anabwera kudzamva madandaulo awo ndipo ndani anangobwera chisankho chitayandikira. Boma lililonse lili ndi nkhani yake yotere, kaya ndi mkangano wa malo, kusefukira kwa mtsinje wa Revúbuè, njovu zowononga minda ku Mágoè, kapena kagawidwe ka ndalama za chitukuko cha maboma, mamiliyoni 7 a metikali aja amene anayamba kuperekedwa ku boma lililonse m'chaka cha 2006. Mukafunsa za nthawi ngati zimenezo, mumamva za munthu weniweniyo.

Chenjerani ndi chithunzi choipa chimene adani ake akupenta

Pamene ena akukometsa munthu wawo, amakhalanso akudetsa wa anzawo, ndipo mbali imeneyi ndi imene yafika poopsa chifukwa cha mafoni. Uthenga wa mawu umayenda pa WhatsApp kuchoka ku Tete kukafika ku Fingoé tsiku lomwelo popanda wodziwa amene anauyambitsa. Kanema amadulidwa pakati kuti munthu amveke ngati watukwana mtundu wina, chithunzi chakale kapena cha dziko lina chimalembedwa dzina la mudzi wa kuno, ndipo masiku ano makina a kompyuta amatha kutsanzira mawu a munthu mpaka osazindikirika. Musanatumize uthenga wotere kwa wina, funsani amene wakutumiziraniyo kuti wautenga kuti, funani kanema wathunthu, ndipo dikirani tsiku limodzi muone ngati Rádio Moçambique, wailesi ya m'dera lanu kapena nyuzipepala yodziwika ikunenapo kanthu. Uthenga umene ukukupsetsani mtima kwambiri ndi kukulamulani kuti muutumize msangamsanga ndi umene muyenera kuukayikira kwambiri.

Miseche ina ilibe chochita ndi ntchito n'komwe. Mudzamva kuti uyu si wa kuno, makolo ake anachokera tsidya lina la malire, ngati kuti si ife tonse amene tili ndi agogo mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri tinabadwira kapena kukulira m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi mgwirizano wa mtendere wa pa 4 October 1992 usanasainidwe. Mudzamvanso ena akukumbutsa za nkhondo pofuna kuti muvote ndi mantha. Amayi ofuna maudindo ndiwo amavutika koposa, chifukwa anthu amayamba kufunsa za banja lawo, kavalidwe kawo ndi amuna awo, mafunso amene bambo wopikisana safunsidwa. Zimenezi zimandiwawa, makamaka m'chigawo chimene chinabala Luísa Diogo, mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya dziko lino, amene anagwira udindowo kuyambira 2004 mpaka 2010. Mayi wopikisana mumuyese ndi mafunso omwe aja a ntchito, kukhulupirika pa ndalama ndi kudziwa mavuto a anthu.

Za mphatso sindichulukitsa mawu. Chitenje, sikipa, mchere kapena ndalama za thiransipoti zimaperekedwa kuti munthuyo aoneke wopatsa, komanso kuti wolandira amve ngati ali ndi ngongole. Kugula voti ndi mlandu m'malamulo athu, ndipo voti ndi yachinsinsi, moti palibe amene angadziwe pamene mwachonga pokhapokha mutamuuza nokha. Khadi lanu lovotera musapereke kwa munthu aliyense amene akuti akufuna kulemba nambala yake kapena kukusungirani, kaya ndi wachipani, kaya ndi mfumu, kaya ndi bwana wa kuntchito.

Gwiritsani ntchito masiku awiri omaliza

Kampeni imatha maola 48 lisanafike tsiku lovota, ndipo lamulo linaika nthawi imeneyi kuti zimkuzamawu zikhale chete, anthu aganize. Ndi nthawi yabwino yokhala pansi ndi apabanja kapena anzanu awiri atatu amene simugwirizana nawo chipani, aliyense n'kunena chimene akudziwa. Tengani pepala, pa dzina lililonse mulembe mbali imodzi zimene munaona pa zithunzi ndi pa misonkhano, mbali inayo zimene munatsimikiza nokha kapena kumva kwa mboni yoona ndi maso. Ngati m'masabata a kampeni munamvetsera nthawi imene zipani zonse zimapatsidwa pa Rádio Moçambique ndi wailesi ya kanema ya TVM, mudzakhala ndi zoyerekeza, ndipo wailesi ili ndi ubwino wakuti mumamva mfundo popanda kuona nkhope. Okalamba ndi amene sadziwa kuwerenga muwafotokozere kuti pa chisankho chachikulu mapepala amakhala atatu, ndipo palibe lamulo lokakamiza kuchonga chipani chimodzi pa onse atatu: munthu akhoza kukhulupirira uyu pa utsogoleri wa dziko, n'kuona kuti mndandanda wa chipani china ndi umene uli ndi anthu abwino a m'chigawo.

Mavoti akawerengedwa, zotsatira za pa tebulo lililonse zimalembedwa pa pepala lotchedwa edital n'kumatidwa pamalo ovoterapo, ndipo oimira zipani amene anali m'chipindamo ali ndi ufulu wolandira kope lake. Pitani mukaliwerenge, ndipo ngati muli ndi foni mulijambule. Timapepala ta malonjezo timene zipani zinagawa musakolezere moto. Tisungeni m'chikwama chimene mumasungiramo khadi lovotera, chifukwa maudindo onsewa ndi a zaka 5, ndipo makhonsolo amene anasankhidwa pa 11 October 2023 adzabweranso kudzapempha voti m'chaka cha 2028, aphungu, abwanamkubwa ndi mtsogoleri wa dziko m'chaka cha 2029.